Kupanga Loboti Yomenyana ya Mpikisano wa Ophunzira: Mafunso ndi Mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera gulu la ophunzira likaganiza zolowa mpikisano wa maloboti omenyana. Malamulo amasiyana kutengera mpikisano, choncho pamene mayankhowa asemphana ndi buku la malamulo la okonza mpikisano wanu, tsatirani bukulo.

Kodi mpikisano wake umayenda bwanji?

Maloboti awiri a gulu limodzi la kulemera amaikidwa m'bwalo lotchingidwa mbali zonse ndi pamwamba pomwe, oyendetsa ali panja, rimoti ili m'manja. Ndewu imatenga mphindi 3, ndipo m'magulu a timaloboti ting'onoting'ono ena amaidula kukhala mphindi 2. Loboti ikasiya kuyenda, woyang'anira ndewu amawerenga mpaka 10, ndipo ikapanda kusuntha yagonja. Nthawi ikatha onse awiri akadayendabe, oweruza amayang'ana zinthu zitatu: ndani wawononga kwambiri mnzake, ndani amaputa ndewu, ndipo ndani amalamulira bwalo.

Masewerawa anatchuka kuchokera pa mpikisano wa Robot Wars umene Marc Thorpe anakonza ku San Francisco mu 1994. Mu 1998 BBC inayamba kuonetsa Robot Wars ya ku Britain, ndipo BattleBots inayamba ku America mu 1999. Zimphona zimene mumaziona pa BattleBots zimalemera mpaka mapaundi 250, amene ndi makilogalamu 113. Ophunzira ali ndi mabwalo awoawo. Ku America kuli National Robotics League kumene ana asukulu amapanga maloboti a mapaundi 15, ku India kuli Robowars ya chikondwerero cha Techfest ku sukulu ya ukachenjede ya IIT Bombay, ndipo timu ya RioBotz, eni ake a loboti yotchedwa Minotaur, ndi ya pa yunivesite ya PUC-Rio ku Brazil.

Tiyambe ndi loboti yaikulu bwanji?

Ngati okonza mpikisano akupatsani mwayi wosankha, yambani ndi yaing'ono. Magulu odziwika ndi antweight, ya magalamu 150 ku Britain koma ya paundi imodzi, magalamu 454, ku America; beetleweight, ya makilogalamu 1.36 kapena 1.5, hobbyweight, ya makilogalamu 5.4, ndi featherweight, ya makilogalamu 13.6.

Beetleweight ndiye gulu labwino kuphunzirirapo. Imakhala ndi zonse zimene loboti yaikulu ili nazo, koma imakwana m'chikwama, imapangika ndi dilu, sowo ndi chowotcherera mawaya, ndipo mukalakwitsa mapulani mukhoza kudula thupi lina sabata yomweyo. Loboti ikamakula, zonse zimakula nayo: mtengo wa mamota, kuopsa kwa chida, makina ofunika podula zitsulo, ngakhalenso vuto lopeza malo oyesera. Timu yoyamba kumene ikalumphira pa makilogalamu 13.6, miyezi yambiri imathera pofunafuna wodula chitsulo, osati pophunzira kumenyana.

Chida chabwino kwambiri ndi chiti?

Funso limeneli ndi limene limadya misonkhano yambiri ya timu, koma si limene limapambanitsa. Ndewu zochuluka za ophunzira sizitha chifukwa chida cha mdani chagwira ntchito yodabwitsa. Zimatha chifukwa waya wazuka, tayala lagwa, batire latha, kapena loboti yagadabuzika n'kulephera kudzuka. Loboti imene imayendabe mphindi zitatu zonse yadutsa kale anzake ambiri. Ndiye musanatchule za chida, gwirizanani kuti yanu izitha kuyenda ngakhale itamenyedwa.

Mitundu yake ilipo ingapo. Wedge ndi loboti yokhala ndi kutsogolo kotsetsereka ngati fosholo, ntchito yake kulowa pansi pa mdani, kumunyamula matayala n'kumukankhira kukhoma. Ndi yosavuta kupanga, yovuta kupha, ndipo imaphunzitsa kuyendetsa. Onetsetsani kaye m'malamulo, chifukwa mipikisano ina imafuna kuti loboti iliyonse ikhale ndi chida choyenda chokha. Zikakhala choncho, wedge yomweyo mukhoza kuiikira mkono wonyamulira, n'kukhala lifter. Mkonowo umathandizanso kudzidzutsa mukagadabuzika.

Flipper imaponya mdani m'mwamba ndi mphamvu ya mpweya wopanikizidwa. Chaos 2 ya George Francis inapambana Robot Wars kawiri motsatizana ndi njira imeneyi. Koma mpweya wopanikizidwa uli ndi malamulo ake okhwima a matanki, mavavu ndi mapaipi, moti kwa timu yatsopano ndi mtolo wosafunikira.

Kenako pali ma spinner, a chida chozungulira, amene aliyense amawalakalaka. Ena chida chimazungulira chogona, monga Tombstone ya Ray Billings imene inatenga chikho cha BattleBots mu 2016. Ena chimazungulira choimirira, n'kumatukula mdani m'mwamba, monga Bite Force m'zaka zake za 2018 ndi 2019. Walira mvula walira matope: mphamvu imene chida chimapereka kwa mdani imabwereranso kwa mwini wake. Spinner yogona ikamenya, maloboti onse awiri amauluka, wina uku wina uko, ndipo si zachilendo kuona imene yamenyayo ili chete, imene yamenyedwa ikuyendabe. Yoimirira ili ndi mwayi woti mphamvu yobwererayo imaikanikizira pansi, koma nayo ili ndi khalidwe lake: ikamakhota chida chili pa liwiro, mbali imodzi imanyamuka, ndipo woyendetsa wosazolowera amadzigadabuza yekha.

Kwa timu yoyamba, lifter kapena spinner yoimirira yaing'ono yokhala ndi thupi lolimba ndiyo nzeru. Zamphamvu kwambiri zidikire loboti yachiwiri.

Kulemera tikugawe bwanji?

Sikelo ya okonza mpikisano ilibe chisoni. Mukapitirira ndi magalamu 5, mudzakhala mukuboola mabowo m'thupi la loboti anzanu akuyamba kumenyana. Kagawidwe kamene anthu a RioBotz anatchukitsa n'kakuti magawo 30 pa 100 apite ku zoyendetsera, 30 ku chida, 25 ku thupi ndi zotchingira, 15 ku batire ndi zamagetsi. Si lamulo ayi, ndi poyambira chabe. Wedge ilibe chida cholemera, choncho gawo limenelo limapita ku mamota ndi chitsulo chakutsogolo.

Lembani kulemera kwa kachipangizo kalikonse musanadule kanthu, ndipo muike pa sikelo nokha m'malo mokhulupirira zimene wogulitsa walemba. Mabawuti, mawaya, zolumikizira ndi tepi ndi zimene zimaiwalika, koma pamodzi zimalemera modabwitsa. Siyani mpata wa magawo pafupifupi 5 pa 100, poti sikelo yanu ndi yawo sizingafanane ndendende.

Nanga matayala ndi mamota oyendetsera?

Pafupifupi maloboti onse amakhota potembenuza matayala a mbali imodzi mosiyana ndi a mbali inayo, moti amatha kuzungulira ali pamalo amodzi. Matayala awiri ndi opepuka komanso osavuta kumanga, koma loboti imavuta kuyenda mowongoka. Anayi amagwira pansi bwino, amakankha mwamphamvu, ndipo limodzi likathyoka mumayendabe.

Timaloboti ta antweight timagwiritsa ntchito timamota ta magiya totchedwa N20. Ma beetleweight ambiri amayendera mamota a magiya a mamilimita 16 kapena 22 m'mimba mwake. Kwa featherweight, anthu akhala akuchotsa mota ndi magiya m'dilu ya batire kuyambira kalekale. Chofooka pa zonsezi si mota yeniyeniyo koma bokosi la magiya ndi kamtengo kachitsulo kotulukira ku tayala. Tayala likamenyedwa, kugundako kumafika m'mano a magiya. N'chifukwa chake matayala ofewa, a thovu kapena a labala, amathandiza kawiri: amagwira pansi, komanso amameza gawo la kugundako.

Ngati matayala atulukira pamwamba ndi pansi pomwe, loboti imayenda ngakhale itagadabuzika. Ngati sangatero, pezani njira yodzidzutsira, ndipo muiyese mutagoneka loboti mbali iliyonse, kuphatikizapo kuiimika chamutu moyedzamira khoma. Malo amene simunayese ndi amene mdani adzakusiyenipo.

Thupi tipange ndi chiyani? Chitsulo si ndiye cholimba?

Kulimba kulipo kuwiri. Chinthu chikhoza kukhala chouma, chovuta kukanda, koma n'kusweka chikagundidwa mwadzidzidzi. China chimapindika pang'ono n'kubwerera. Pa ndewu ya maloboti chachiwirichi ndiye chofunika pa mbali zambiri za thupi.

Pa maloboti ang'onoang'ono, mapulasitiki a HDPE ndi UHMW ndi abwino kwambiri. Sasweka wamba, amadulika ndi zida za kalipentala, ndipo ndi opepuka: sentimita imodzi mbali zonse imalemera pafupifupi galamu imodzi, pamene aluminiyamu imalemera magalamu 2.7, titaniyamu 4.4, chitsulo 7.8. Ndiye pa kulemera komweko, khoma la pulasitiki likhoza kukhala lochindikala kasanu ndi katatu kuposa lachitsulo, ndipo dzino la mdani limathera m'pulasitikimo lisanafike pa batire. Amene ali ndi makina osindikizira zinthu a 3D asankhe pulasitiki ya TPU, imene imapindika. Ya PLA imathetheka, choncho isiyeni, kupatula m'mipikisano imene malamulo amafuna kuti onse agwiritse ntchito pulasitiki wotero.

Pulasitiki woonekera ngati galasi wotchedwa acrylic musayandikire n'komwe. Amaoneka ngati polycarbonate, pulasitiki wina woonekera amene ndi wolimba, koma amasweka ndi kumenya kumodzi. Polycarbonate yemweyo ali ndi vuto lake: amang'aluka pafupi ndi mabowo, ndipo mankhwala amene amapakidwa pa mabawuti kuti asamasuke amamuwononga.

Chitsulo chili ndi malo ake: chida ndi kutsogolo kwa wedge. Pamenepo amagwiritsa ntchito zitsulo zosaperepeseka msanga monga AR500 ndi Hardox, kapena titaniyamu wa Grade 5 ngati thumba lilola. Chida cha chitsulo wamba chofewa chimabuntha ndewu yoyamba yomwe. Ndipo chitsulo chakutsogolo chikhale chopendekeka, kuti chida cha mdani chiziterereka m'malo moluma.

Bwanji spinner yathu imazungulira mwaliwiro koma imangopala mdani osamuponya?

Apa pamafunika masamu pang'ono, ndipo ndi masamu okoma. Mphamvu imene chida chimasunga imadalira kulemera kwake, kutalika kwa pamene kulemerako kuli kuchokera pakati, ndi liwiro lake. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Ophunzira akamva zimenezi amathamangira mota yothamanga kwambiri imene angapeze. Koma mphamvu yosungidwa ndi yachabe ngati dzino silikulowa mokwanira kuti liipereke.

Tiyerekeze kuti chida chanu chikuzungulira ka 6,000 pa mphindi, kutanthauza ka 100 pa sekondi. Chili ndi mano awiri, ndiye dzino limadutsa kutsogolo ka 200 pa sekondi. Mukuyandikira mdani pa liwiro la mamita 2 pa sekondi. Pakati pa dzino loyamba ndi lachiwiri, loboti imasuntha mamilimita 10 okha, ndipo kumeneko ndiye kuzama kwakukulu kumene dzino lingalume. Mukakweza liwiro kufika pa 12,000, kulumako kumatsika kufika pa mamilimita 5. Dzino limangonyambita ngodya, kutulutsa moto wokongola, mdani osagwedezeka. Mukachotsa dzino limodzi n'kuika cholemera mbali inayo kuti chida chisagwedere, pa 6,000 pomwepo kuluma kumafika mamilimita 20. N'chifukwa chake zida zambiri za masiku ano zili ndi dzino limodzi, ndipo n'chifukwa chakenso woyendetsa ayenera kulowa mwaliwiro, osati monyang'ama.

Liwiro la mota ya brushless, yopanda maburashi m'kati, mumalidziwa ndi nambala ya KV: mota ya 1,000 KV pa mavoti 11.1 imazungulira pafupifupi ka 11,100 pa mphindi ikakhala yopanda katundu. Lamba ndi mapule amatsitsa liwirolo, komanso lamba amaterereka pang'ono chida chikagunda, motero mota imapulumuka. Musaiwalenso nthawi imene chida chimatenga kuti chifike pa liwiro. Mdani wochenjera amathamangira pa inu ndewu ikangoyamba, ndipo chida chofuna masekondi 8 m'bwalo laling'ono sichidzapatsidwa mpata umenewo.

Batire lotani, ndipo n'loopsa bwanji?

Ambiri amagwiritsa ntchito batire la mtundu wa LiPo chifukwa ndi lopepuka ndipo limatulutsa magetsi ambiri nthawi imodzi. Selo iliyonse ili ndi mavoti 3.7, ndipo ikadzaza imafika 4.2. Batire la 2S, kutanthauza la maselo awiri, lili ndi mavoti 7.4, la 3S 11.1, la 4S 14.8. Kukula kwake mumawerengera chonchi: ngati loboti imakoka maampeya 10 pa avareji kwa mphindi 3, yadya 500 mAh (mAh ndi muyezo wa magetsi amene batire limasunga), ndipo muwonjezerepo ndithu kuti batire lisamafike pouma. Selo ikatsika kufika pansi pa mavoti 3.0 imawonongeka.

Kuopsa kwake n'kwenikweni. LiPo likabooka, likaphwanyika kapena likatchajidwa mopitirira, limayaka moto wovuta kuzimitsa ndipo utsi wake ndi woipa. Tchajani ndi tchaja yolinganiza maselo, batire lili m'thumba losayaka, munthu ali pomwepo. Lotupa kapena lobonyoka lisabwererenso m'loboti. Ngati likhala masabata osagwira ntchito, lisungeni pa mavoti pafupifupi 3.8 selo iliyonse. M'kati mwa loboti likhale pakati, lokutidwa ndi thovu, kutali ndi nsonga za masikuluwu. Musalimange ndi waya kapena tizingwe topyapyala ta pulasitiki, chifukwa loboti ikagundidwa timadula batirelo. Mipikisano ina ya masukulu imakana LiPo n'kulola mabatire a LiFePO4 kapena NiMH, amene ndi olemererapo koma ofatsa.

Rimoti iliyonse ingagwire ntchito?

Ayi. Pamafunika rimoti ya 2.4 GHz imene imalumikizana ndi risiva yake yokha, kachipangizo kolandira uthenga m'lobotimo, kuti isasokonezane ndi ya mdani. Chachikulu kuposa zonse ndi failsafe: rimoti ikazima kapena kulumikizana kukaduka, matayala ndi chida ziyenera kuima zokha. Oyendera chitetezo adzakuuzani kuti muyatse chida kenako muzimitse rimoti iwo akuona. Chida chikapitiriza kuzungulira, simulowa m'bwalo. Marisiva ena amabwera atakonzedwa kuti azisunga lamulo lomaliza limene analandira, khalidwe lothandiza pa ndege ya chidole koma loopsa pa loboti, choncho yesani tchanelo chilichonse, cha matayala ndi cha chida, pachokha.

Risiva imatumiza uthenga ku ma ESC, tizipangizo tolamulira liwiro la mota. Mota ya brushed, yokhala ndi maburashi, ndi ya brushless zimafuna ma ESC osiyana, ndipo a matayala ayenera kutha kubwerera m'mbuyo. Pamafunikanso swichi kapena cholumikizira chozula chimene chimadula magetsi onse, chofikirika popanda kuika dzanja panjira ya chida, ndi kanyali koonetsa kuti loboti yayaka.

Kodi tiyenera kudziwa kulemba mapulogalamu a kompyuta?

Ayi. Loboti yoyendetsedwa ndi rimoti imatheka popanda mzere ndi umodzi womwe wa pulogalamu. Luso limene simungalizembe ndi kuwotcherera mawaya bwino ndi kujambula mapulani, kaya pa CAD, pulogalamu yojambulira pa kompyuta, kaya pa katoni yodula ndi sizasi.

Tingayesere kuti chida?

M'bokosi loyesera lotsekedwa mbali zonse, la matabwa ochindikala ndi zenera la polycarbonate, kapena m'bwalo lenileni. Osati pa tebulo, osati m'kalasi, osati mnzanu atagwira loboti ndi manja. Beetleweight imaoneka ngati chidole koma chida chake chimadula chala, ndipo dzino kapena bawuti ikathothoka imauluka kumene yafuna.

Nthawi zonse loboti ikakhala kunja kwa bokosi, chida chikhale chokhomedwa ndi loko wooneka bwino amene amachiletsa kuzungulira, nsonga zakuthwa zikhale zophimbidwa. Poyesa matayala, ikani loboti pa kathabwa kuti matayala akhale m'malere. Poyatsa, yambani rimoti, kenako loboti, ndipo loko achoke pomaliza. Pozimitsa, loko abwerere kaye, loboti izime, rimoti pomaliza. Munthu mmodzi yekha ndiye azigwira loboti, ndipo amene wagwira rimoti asakhudze kanthu kufikira chitseko chitatsekedwa. Mphunzitsi kapena wamkulu woyang'anira timu azikhalapo pa kuyesa kulikonse kwa chida.

Ndi zida ziti zoletsedwa?

Pafupifupi kulikonse amakana zamadzimadzi monga mafuta ndi guluu, maukonde ndi zingwe zokolera mdani, zosokoneza rimoti ya mnzanu, zogwiritsa mdani shoko, zophulika, zoponya zosamangirira, ndi kuwala kothobwa m'maso. Moto umaloledwa m'mabwalo ochepa okha okhala ndi zotulutsira utsi. Kupanikiza mdani kukhoma n'kololedwa, koma kwa masekondi owerengeka, kenako muyenera kumusiya. Ngati mwaganiza chinthu chimene malamulo sanatchule, funsani okonza mpikisano musanagule kanthu.

Ntchito tigawane bwanji, ndipo ayendetse ndani?

Ayendetse amene amayendetsa bwino, osati amene anayambitsa timu kapena amene anasonkha zambiri. Nkhani imeneyi imadanitsa anthu, choncho ithetseni msanga ndi mayeso: ikani zopinga pansi, aliyense ayendetse, wotchi iweruze. Chovuta kwambiri kwa oyamba ndi pamene loboti ikubwera chakumaso kwawo, poti kumanja kumasanduka kumanzere. Zimenezi zimatha ndi kuyeserera basi, mpaka zala zizichita zokha. Ngati loboti ili ndi chida chofuna kuchisamala, wachiwiri akhoza kugwira chida, woyendetsa n'kuika maso pa mdani.

Apa m'pamene kalendala imapweteka matimu ambiri. Loboti imatha usiku woti mawa ndi mpikisano, ndipo woyendetsa amaigwira koyamba ali kale m'bwalo. Konzani zoti gawo loyenda lithe msanga, ngakhale thupi likhale lathabwa, kuti woyendetsa ayambe kuzolowera pamene ena akulimbana ndi chida. Loboti yathunthu ithe kukadali masabata angapo, ndipo masabata amenewo muiwononge dala: igundeni kukhoma, igwetseni, iyendetseni mphindi zitatu zathunthu kangapo, muone chimene chiyambe kumasuka. Mipikisano ina ya ophunzira, monga National Robotics League, imaperekanso mapointsi pa zolemba za momwe munapangira loboti, ndiye pakhale wina wosunga zojambula, masamu ndi zifukwa za chosankha chilichonse kuyambira tsiku loyamba.

Pa tsiku la mpikisano titenge chiyani?

Pakati pa ndewu ndi ndewu mukhoza kupatsidwa mphindi 20 zokha, ndipo m'mphindi zimenezo muyenera kusintha batire, kukonza zowonongeka ndi kubwerera pamzere. Loboti yofuna kumasula masikuluwu 30 kuti mufike pa batire idzakuliritsani. Yesetsani kuti mabawuti onse akhale a saizi imodzi kapena ziwiri, kuti sipanala imodzi igwire ponseponse.

Tengani mabatire osachepera awiri, mamota oyendetsera apadera atawotchereredwa kale mawaya ake, matayala, malamba, ESC yapadera, mabawuti ambiri, chowotcherera, tepi, magalasi oteteza maso, tchaja ndi thumba lake losayaka. Fikani msanga kuti muyezetse kulemera ndi failsafe nthawi yokonza ikadalipo. Ndewu iliyonse ikatha, ngakhale mwapambana osakandika, gwirani bawuti iliyonse ndi sipanala, kokani waya aliyense pang'ono, zunguzani matayala ndi dzanja kuti mumve ngati magiya akulira, ndipo gwirani mamota kuti mudziwe ngati atentha kwambiri. Ngati pena pakusowa chipangizo, pitani pa tebulo la timu ina mukabwereke. M'masewerawa kubwerekana zida n'kofala, ngakhale ndi timu imene mukumane nayo ndewu yotsatira.